Mutu wa Mbawala Yakudimba

Magazi anali psuu pampeni, psuu pamtondo wovundikira, psuu m'zikhadabo za aNasibeko. Dzuwa linkaswa mtengo, ntchentche zili bii pakhosi podulidwa.

Mbawala yake ndi ija inatha nyemba kudimba, ija inatumbula galu, ija inabaya mdzukulu wawo Zondiwe pantchafu m'mawa womwewo, nyanga mpaka kufupa. Iye anaikakamira pakhosi, kugubuduzana nayo m'matope, osaitaya, kufikira anthu atabwera ndi nkhwangwa. Tsopano Zondiwe anali kuchipatala, nyama anthu atagawana, mutu uli m'manja mwa agogo ake.

"Amayi, tingouwiritsa, nyanga zituluke mbee," anatero mwana wawo Tsilizani, madzi akubwadamuka kale mum'phika. "Ndi mmene timachitira."

"Kawiritse wakowo! Ubweya ukapululuka, amuna anga aZondiwe adzaona chiyani? Chigaza? Akabwera aione nkhope yake."

Anacheka kuseri kwa makutu. Anakolowola maso, anazula lilime, anatokosa ubongo ndi sipoko ya njinga mpaka wonse unakhuthukira m'fumbi. Koma ubweya wapamphumi, wofewa ngati wa mwana wa mphaka, mpeni sunaukhudze. Mchere m'mphuno, mchere m'makutu, phulusa patsinde pa nyanga pomwe mphutsi zimayambira. Padzuwa ayi, chikopa chingang'aluke. Pautsi ayi, ubweya ungade. Anaupachika pansi pa denga la nkhokwe, podutsa mphepo.

Masabata atatu anaulondera. Agalu anawagenda, nyerere anazifinya ndi chala, fumbi analiuzira ndi pakamwa. Mvula yoyamba itagwa, chikopa chinali chitauma gwa, ubweya uli gwiriri, osathothoka ngakhale umodzi.

Zondiwe anabwera pangolo, mwendo umodzi wa buluku utapindidwa, atauluma ndi pini. Pabwalo akazi anayang'ana pansi, amuna anayang'ana ng'ombe.

ANasibeko sanalire. Anakatsitsa mutu uja, anamuikira pamiyendo, pamwendo umene unatsala. Iye anausisita pamphumi, anayeza nyanga ndi chikhatho, kuyezanso.

"Agogo, kodi inali yaing'ono chonchi?"

Anatembenuka aNasibeko, mpeni uja uli m'chiuno, anayang'ana mudzi wonse mmodzimmodzi.

"Yauma ndi mchere iyi, amuna anga. Tsiku lija inali ngati ng'ombe. Amene anaiona mosiyana ayankhule ndili pano."

Palibe anatsokomola.