Chikwama Chosalandiridwa

Ndaziona analota atafika ku Blantyre basi yake isanafike. Anatsika pa Wenela yekha. Basiyo inali ikadali ku Ntcheu, anthu akugula tomato pazenera.

Dzuwa linaima pamwamba pa phiri la Ndirande, osasuntha. Mumzindawu usiku sunkagwa paliponse. Ankausunga m'nyumba zina, woufuna ankachita kuulondola. Ndaziona ankaufuna. N'chimene anachokera ku Kawale: kuona tauni masana, kuvina madzulo, kugona poti palibe womufunsa za ukwati. Kwa azakhali ake aNachisale, ku Chilomoni, geti limakiyidwa nkhuku zikangolowa. Ndiye sanawauze kuti akubwera.

Anafuna kutula chikwama kuti amange nsapato. Chinakana. Chinangoti lende m'malere, osakhudza fumbi, lamba wake ali gwa paphewa.

"Pepani mayi," chinatero chikwamacho mwaulemu. "Sindinalandiridwe."

"Si ine mwini wako?"

"N'chifukwa chake. Mlendo sadzilandira yekha."

Ndaziona anachita nacho chidwi. Chigulireni pa kaunjika chinali chisanalankhulepo. Anachikweza bwino, nayamba kufuna pogona.

Loji yoyamba inali ku Sunnyside, m'kati mwa mitengo. Bambo wa tayi yofiira anamuonetsa zipinda, manja ali kumbuyo.

"Ichi chimaona tchalitchi chakale cha njerwa chija. Ichi chimaona Michiru. Mukafuna phiri la Soche, mumatiuza m'mawa, timalikoka ndi chingwe."

Ndaziona anatsegula chitseko cha kubafa. Munali mtsinje wa Mudi, wathunthu, amayi akuchapa pamiyala. Anamupatsa moni. Anavomera n'kutseka.

"Nanga usiku?"

"Kuno tilibe, mayi. Alendo athu anadandaula phokoso. Timangotseka makatani." Analoza pakona ndi chibwano. "Katunduyo ikani apo."

Chikwama chinatsonya, n'kulemera ngati aikamo njerwa. Ndaziona anatuluka atapendekera mbali imodzi.

Malo achiwiri anali ku Kamba, pamwamba pa bala. Apa ndiye panali pake. Usiku unkasefukira pakhomo ngati madzi akuda, kufika m'mapazi. Unkanunkhira kanyenya. Gitala ankalira pansi pa simenti, mabotolo akuyenda okha patebulo kufuna anzawo.

Pa kauntala panakhala bambo ake. Anavala suti imene anawaika nayo m'manda. Makiyi a zipinda ankawazungulira m'mutu ngati njuchi.

"Mwaswera bwanji, adadi?"

"Taswera, kaya iwe. Chipinda chilipo. Bedi lake limavina lokha, iwe umangogwira pilo."

"Chimenecho ndi changa. Tandilandireni chikwamachi, phewa latha."

Bambowo anayang'ana manja awo, nawabisa pansi pa kauntala.

"Ine ayi. Ndikachilandira ine, ndiye kuti wafikira kwathu. Kwathuko kulibe basi yobwerera ku Lilongwe."

"Ndiye ndigona chiimire?"

"Mu tauni monse muno manja odziwa kulemera kwako ndi awiri okha. Pita kwa achemwali anga."

"Azakhali? Adadi, aja amapemphera mpaka tiyi kuzizira. Loko wa pageti pawo ndi wamkulu ngati buledi."

Malemuwo anaseka mpaka makiyi kubalalika.

"Wodziwa kukiya ndi amene anatulukapo. Ukawafunse amene ankagogoda pazenera langa tambala akulira, nsapato zili m'manja."

Kenaka anatembenukira mlendo wina, mbuzi yovala jekete, imene inkafuna chipinda choyang'ana kumsika.

Ndaziona anauyamba wa ku Chilomoni. Chikwama chinkalemera pa kona iliyonse. Atacheuka anaona kuti kausiku kena kachoka ku Kamba n'kumamutsatira. Kanali kofanana ndi galu wakuda. Akaima, kankaima. M'mimba mwa kausikuko munkamveka ng'oma, chapansipansi.

Geti analipeza lokiya. Phewa linali litafika m'chiuno. Akanatha kubwerera kwa bambo wa tayi, n'kukagona chiimire akuyang'ana Michiru. Anaganizapo ndithu. Kenaka anakuwa.

"Odi kuno!"

ANachisale anatuluka, magalasi owerengera Baibulo ali pamphuno. Sanapereke moni. Moni sayamba katundu ali pathupi pa mlendo. Anatambasula manja onse awiri kupyola zitsulo za geti, ngati palibe chitsulo, nalandira chikwamacho. Chinali chopepuka ngati mtanga wopanda kanthu.

"Zikomo, amayi," chinatero chikwama, nichikhala pansi, n'kukhala chete ngati zikwama zonse.

Azakhaliwo anatsegula zipi. Anadutsa malaya, anadutsa sopo. Anatulutsa nsapato zagogoda, zonyezimira ngati pepala la switi. Anavula masilipasi n'kuzivala. Zinawakwana. Ataimirira, mutu wawo unapitirira denga.

"Ndiye iwe, mwana wa mlongo wanga, umati ukagone kwa anthu osakudziwa? Ine ndidzamve kwa anthu a m'minibasi kuti Ndaziona anali mu tauni?"

"Ndimaopa geti, azakhali."

"Geti ndi la akuba ndi ogulitsa mapoto. Ana a pakhomo amadzera pa gwafa." Analoza mtengo wotsamira mpanda kuseri. Nthambi yake ina inali yosalala, yoyera, yopondedwapondedwa. "Uganiza inasalala ndi mvula?"

Ndaziona anali adakali kunja. Kausiku kaja kanakhala pambali pake, kakugwedeza mchira. ANachisale anakayang'ana nthawi yaitali, chala chakuphazi chikugunda kale pansi.

"Galu wakoyu," anatero, "alowe, kapena tituluke naye?"

Ndaziona anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

"Wenela! Wenela, otsika!"

Anadzidzimuka pampando wa basi, khosi litauma ndi tulo. Lamba wa chikwama anali atamudinda mzere paphewa. Kunja dzuwa linali litapendeka, ngati dzuwa wamba. Atangoponda pansi, mwamuna wa takisi anafika akuzunguza makiyi pachala.

"Sisi, tikutuleni pati? Loji zabwino ndikuzidziwa, zina pafupi ndi magule."

"Ku Chilomoni."

Mwamunayo anatambasula dzanja kuti anyamule chikwama. Ndaziona anachikumbatira.

"Ayi, achimwene, ichi chili ndi ochilandira. Koma mundipatse nambala yanu. Madzulo mudzatitenge, tidzakhala awiri. Musadzaime pageti. Mudzaime kuseri, pa gwafa."