Khasu Lomwe Linasowa ku Malowera

Odete anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kukhuthulirapo mala, sutikesi ya malemu mlongo wake Aniceto. Munatuluka malaya atatu, nsapato zakuda, magalasi a maso ndi makaderno, mabuku olembamo, asanu ndi anayi. Basi. Zaka makumi awiri akuphunzitsa ku univesidade ku Maputo, katundu wake osadzaza n'komwe mphasa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni Aniceto m'manda kwawo ku Malowera. Abale anali atameta, maso ali psuu ndi utsi. Chinatsala n'kugawa katundu, kuti aliyense achoke ndi kanthu ka malemu m'manja monga mwa mwambo.

Abílio, mkulu wawo wa Odete ndi malemu, anawerenga mabanja n'kuyang'ana makaderno aja.

"Zakwana," anatero. "Banja lililonse kaderno imodzi. Ana azilemba m'masamba otsalawo."

"Ine mundipatse ya mapepala ofewa," anatero malume awo, a Damião, akusisita kathumba ka fodya. Anakoka imodzi n'kuika pamiyendo.

Apo Elisângela anasendera n'kugwada. Anali wophunzira wa malemu, amene anaperekeza bokosi la maliro ulendo wonse kuchokera ku Maputo.

"Pepani makolo anga. Makadernowa akabalalika, ntchito ya apurofesoro yafera pomwepa. Muli miyeso ya zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo imodzi siimveka popanda inzake."

"Miyeso ya chiyani?" anafunsa Abílio.

"Ya kutentha, bambo. Mmene kumayendera m'tinthu toonda kuposa tsitsi kachikwi, tonga timene tili m'kati mwa telefoni. Mmenemo kutentha sikuyenda monga mumphika. Kumakanirira, chipangizo n'kuwonongeka. Iwo ankafufuza njira yokutulutsira."

Abílio anapumira m'mwamba.

"Mwanawe, munthuyu anatichokera ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Maliro a bambo anafika titaika kale. Mayi akudwala, iye ankangotumiza mawu. Lero wabwera m'bokosi, ndiye kotsalaka ukatengenso? Ife titsale ndi chiyani, nsapato?"

Odete miyendo inali itatupa ndi kuphikira anthu masiku anayi, ndipo ankangofuna kuti zithe. Dzulo lake anatsegula kaderno imodzi kufuna mlongo wake, koma anangopezamo manambala ndi timizere tokhotakhota. Akanagawana, akanapichira fodya, kwa iye zinali chimodzimodzi.

Elisângela anatsegula chikwama chake n'kutulutsa chinthu chokulunga m'nsalu ya kapulana.

"Ichi ndinachitenga m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito. Ndinati chibwerere kwawo."

Linali khasu laling'ono, lotha kukamwa, mpini wake wakuda ndi manja a anthu.

"Chaka chilichonse, phunziro loyamba, ankalowa nalo," anatero mtsikanayo. "Aliyense agwire chitsulo, kenako mpini. 'Chozizira n'chiti?' Tonse tinkati chitsulo. Iwo n'kuseka. 'Ayi, n'zofanana. Chitsulo chikungokuberani kutentha kwa dzanja mofulumira.' Ankati funso limeneli analitola m'munda mwa amayi awo, m'mawa wina nyengo yachisanu, ndipo kuyambira pamenepo silinawasiye."

Abílio analandira khasu lija. Analitembenuza, chala chake n'kuima pa timabala titatu tosema kumapeto kwa mpini. Odete anatizindikira asanayandikire. Bambo awo ankasema choncho pa zida zonse za pakhomo.

"Khasu la amayi ili," anatero Abílio motsitsa. Kenako mawu anakwera. "Bambo anandikwapula chifukwa cha khasu ili! Ankati ndalitaya kudimba. Masiku awiri ine osakhala pansi!"

"Aniceto ali phee pakhonde, akudya mbatata," anatero Odete. Anadabwa kumva mawu ake omwe.

"Wakubayo anali purofesoro!" anafuula a Damião.

Abílio anaseka. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, ndipo palibe anadziwa pamene kuseka kunathera, poti anali ataphimba nkhope ndi dzanja. Anthu anamusiya. Atapukuta m'maso anayamba kusonkhanitsa makaderno, yomaliza n'kuchotsa pamiyendo pa a Damião.

"Malume, fodya muzipichira m'makoko a chimanga monga kale."

Anawakulunga m'kapulana ija n'kupereka kwa Elisângela ndi manja awiri.

"Kamalize. Khasu litsala."

Malaya ndi nsapato zinagawidwa mosavuta. Khasu linayenda m'manja mwa abale onse, aliyense n'kuligwira pang'ono asanatsanzike, ndipo palibe anadandaula kuti wachoka chimanjamanja.

Bwalo litatsala lokha, Odete anakapinda mphasa. Khasu linali litatsamira tsinde la mango, pamthunzi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pansi. Anaika chikhatho pa chitsulo, nachisiya pamenepo kanthawi. Kenako anachiika pa mpini.