Tayirodi Yofuna Anthu Awiri

A Dalaivala anapuma ntchito ya mabasi kalekale, koma dzinalo linawakanirira ngati girisi m'zikhadabo. Loweruka limenelo analawirira kuyala katoni pambali pa galimoto yawo yakale, n'kundandalika jeke, masipanala, hamala ndi pulayazi. Kenako anatulutsa tayirodi yatsopano, kachitsulo ka mutu wobulungira kolumikiza chiwongolero ndi tayala. Yakumanja inali itatha. Galimoto ikaponda bampu, kutsogolo kunkangomveka gobedegobede.

Tinene zoona, ntchitoyi a Dalaivala akanatha kuigwira atatsinzina. Koma pa foni anauza mwana wawo kuti imafunika anthu awiri, wina pachiwongolero, wina pansi. Mwanayo ankamutchula kuti Sipanala, poti ali wamng'ono ankagona atafumbata sipanala. Tsopano anali bambo wa tayi, ndipo chiikire maliro a mayi ake anali asanapondenso pakhomopo. Mauthenga ankatumiza, inde, koma uthenga sukhala pampando n'kumwa nawe tiyi. Ulendo uno analonjeza kuti Loweruka afika.

Ndiye a Dalaivala anayamba kudikira. Anamasula manati a tayala pang'ono, n'kusiya. Anakweza galimoto, n'kuikhazika pa chipika, n'kusiya. Anakatsuka makapu awiri ndi kudzaza fulasiki. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu inkawasolola khosi.

"Aneba, lero galimoto yaimika mwendo bwanji?" anafunsa mayi oyandikana nawo, uku akuyanika zovala kuseri kwa mpanda.

"Tikudikira injiniya wamkulu," anayankha a Dalaivala monyadira.

"Mnyamata wanu uja? Ii, ndiye papita nthawi!"

"Ali m'njira."

Dzuwa lili paliwombo, foni inalira. Anali Sipanala.

"Adadi, pepani kwambiri, kwandigwera za kuntchito. Bwanji ndikutumizireni makanika? Pali wina wodziwa ntchito."

Makanika! Kutumizira makanika munthu amene anagonapo m'matope pansi pa basi, anthu ali m'katimo kumunena! Koma pa fonipo anangoti:

"Usavutike, mwanawe. Ndiona chochita."

Anachotsa tayala mwaukali. Nati yotsekera tayirodi inali itachita dzimbiri, ndiye anaithira oyilo, n'kuikoka ndi mtima wonse mpaka inalira kwii. Analemba ndi choko pamene tayirodi yakaleyo inkalekezera, kuti yatsopano ikakhale pomwepo, apo ayi galimoto imayenda ngati nkhanu. Anazula kapini kotchinga nati yapansi ndi pulayazi. Atafika pa natiyo, anatambasulira dzanja kumbuyo osacheuka.

"Tandipatsa naintini."

Dzanjalo linakhala m'malere. Kumbuyo kwawo kunali fulasiki ndi makapu awiri aja basi. Anachita manyazi ngati pali wina wawaona, kenako kusungulumwa kunawagwira kwenikweni, kuposa tsiku lija anthu a pamaliro atabalalika. Anadzitengera okha sipanala ya naintiniyo.

Zotsalazo sizinachedwe. Anamenya hamala pambali pa pamene mutu wa tayirodi umalowa, mutuwo n'kufwamphuka. Anapotokola yakaleyo, n'kulowetsa yatsopano mpaka pa choko paja. Anamanga manati, kapini katsopano n'kukapinda miyendo. Atabwezera tayala, analigwira uku ndi uku n'kuligwedeza. Linali nganganga. Ntchito ya anthu awiri inatha tiyi wa m'fulasiki akadali wotentha.

Anazungulira mbali ya kumanzere, n'kukwezanso, n'kugwedeza tayala la kumeneko. Analigwedeza kawiri, khutu lili tcheru. Nalonso linali bwinobwino, lopanda ndi kaphokoso komwe. Munthu wina akanasangalala. A Dalaivala anatsitsa jeke mokhumudwa.

Akusamba m'manja pampopi, foni inaliranso.

"Adadi, zatheka?"

Anayang'ana galimotoyo. Inali chilili pa matayala ake onse, yokonzeka kupita kulikonse.

"Yakumanja ndalimbana nayo mpaka yatheka," anatero pang'onopang'ono. "Koma yakumanzere nayo yayamba kugwedera. Imeneyo ndiye yovuta, mwanawe. Ndekha sindingaithe."

Ku foniko kunkamveka mawu a anthu ena chapatali.

"Chabwino adadi, ndiyesetsa Loweruka likubwerali."

"Palibe changu. Ukapeza mpata."

Atadula foni, a Dalaivala anaima kaye pampopipo, madzi akudontha m'zala. Kenako anatenganso jeke. Anakweza mbali ya kumanzere, n'kulowetsa chipika, n'kuchotsa tayala labwinobwino lija, n'kulitsamiritsa kukhoma. Zida anazisiya pa katoni, naintini pamwamba, kuti mwanayo akadzabwera adzapeze ntchito ikumudikira.

M'mawa mwake, kokagula buledi anapita wapansi.