Kunyamula Mayankho Pamanja

Kompyuta ya malemu inkalira ngati njinga yosowa mafuta. A Mbendera, amene anakalambira ku njanji akuimitsa sitima, anakhala pampando wa malemuyo, mwana wawo wamkazi, chipewa pabondo. Mkamwini wawo anali atawauziratu kuti makinawa akangozima sayakanso. M'katimo ndi mmene munali zonse zimene mwanayo analemba akudwala, ngakhale zimene ankafufuta.

Zofufutazo ndi zimene a Mbendera ankafuna. Tsamba lomaliza, lolembera iwo, linangotsala ndi mawu awiri: "Bambo anga."

Mkamwini anati pali mapulogalamu awiri. Ina ikutulutsa zolembazo m'nkhokwe yakale, ina ikuzilandira n'kumaziika m'nkhokwe yatsopano pa fulashi, tsamba lililonse mmene linalili tsiku ndi tsiku. Yotulutsayo ikafika pena imafunsa inzake nambala ya tsamba lomwe yasunga kale, ndiye imadikira yankho.

Ntchito ili pakati, zonse zinangoti zii. Mphindi zisanu, khumi. Mkamwini, thukuta lili kamukamu, anati mwina angozimitsa n'kuyesa mwayi, dzanja likupita kale ku batani.

"Tachotsani dzanjalo. Yofunsayo ndi iti?"

Anawalozera mbali yakumanzere ya galasi la kompyutayo.

"Nanga iyi yalemba chimzerechi, ikuuza ndani?"

Mkamwini anagwira pakamwa. Yankho linali litabwera kalekale, koma iye anaiwala kulumikiza njira yobwerera. Yolandira inayankhira pagalasi n'kumadikira tsamba lina, yofunsa ikudikira kuti wina ailembere yankholo. Kukonza kunkafunika kuyambiranso, ndipo makinawo sakanapirira. Kukopera yankholo n'kulimata mbali inayo nako ayi, kambewa kolozera zinthu pagalasi kanafa kale.

A Mbendera sukulu anailekeza kalasi yachitatu, koma manambala a mabogi a sitima anawawerenga zaka makumi atatu osaphonya. Anakokera mpando pafupi n'kuyika chala pagalasi. Yankho lililonse linali la zilembo ndi manambala makumi anayi, ndipo mkamwini anachenjeza kuti chimodzi chikalakwika zonse ziimira pomwepo. Iwo ankawerenga, iye akutaipa. Pulogalamu inkayenda pang'ono, n'kufunsanso.

"Mukuthamanga, apongozi."

"Ndinu mukujompha ngati nkhuku yodwala. Tiyeni."

Pofika funso la khumi ndi chisanu ndi chiwiri maso a mkuluyo anali atadzaza misozi, manambala akusambira. Makina nawo anayamba kugogoda m'kati. A Mbendera anaima, anapukuta maso ndi chipewa, n'kuuza mkamwini kuti afufute, mzerewo auyambirenso. Kuchedwa kunali bwino kusiyana n'kuponya sitima njanji yolakwika.

Yankholo litalowa, funso lina silinabwerenso. Yolandira inalemba kuti yamaliza.

Mkamwini anazula fulashi, anaibaya pa kompyuta yake, n'kubweza tsamba lija tsiku limodzi m'mbuyo. Linali lodzaza mpaka pansi. Anafunsa chapansipansi ngati awawerengere.

"Ayi, ndiwerenga ndekha, ngakhale nditenge tsiku lonse. Inu kaikeni madzi pamoto."