Anyamata a Che Salumu ku Kaning'ina

Munda wa ku Kaning'ina ndi wanga. Ndinaupeza ndi thukuta la mandasi, ndipo ndimalimamo mpiru, tomato ndi nyemba. Amuna anga, Che Salumu, ali ndi golosale ku Masasa. Iwowo khasu ankalidziwa poligulitsa basi.

Chipwirikiti chinayamba pamene mlamu wanga anabwera kuchokera ku Haji ndi kapaketi ka mtedza wobiriwira mkati, wotchedwa pisitasho. Che Salumu anatafuna tiwiri, nafunsa kuti umagulidwa bwanji, kenako anayamba kuwerengera ndalama pa zala. M'mawa mwake anandiuza kuti iwo tsopano ndi mlimi wa pisitasho, woyamba mu Mzuzu muno, ndipo akufuna munda wanga.

Ndinakana mpaka mawu anasasa. Pomaliza tinapangana pamaso pa ana kuti atenge theka lakumtunda kwa zaka zisanu. Mitengo ikabereka, munda wonse ndi wawo. Ikapanda kubereka, andibwezere thekalo ndipo asadzautchulenso. Ndinavomera mtima ukuwawa, chifukwa mundawu ndi malo okhawo amene ndimalamula ndekha.

Ndiye inayamba ntchito yosankha mtundu. Anaitana mnzawo Jasper, wa kabaza wa njinga yamoto, munthu amene ulimi wake wonse ndi chitini cha anyezi pakhonde. Awiriwa anakhala kuseri kwa kauntala sabata yathunthu, mitu itagundana pa foni imodzi, makasitomala akuyembekeza shuga. Kwa wogulitsa mbande wina wa ku Joni anapeza mitundu itatu: Kerman, Sirora ndi Peters. Jasper anakonda Sirora, ati ndi dzina lokoma kulemba pa njinga. Che Salumu ankaunika zithunzi monga amachitira posankha mbuzi ya Idi, kuyang'ana msinkhu ndi kunenepa. Peters ndiye anaoneka wojintcha kuposa inayo.

Wogulitsa uja analemba uthenga wowalangiza kuti Kerman ndi Sirora ndi mitengo yaikazi, Peters ndi wamphongo, ndipo pa mitengo khumi iliyonse, wamphongo mmodzi ngwokwana. Che Salumu anaseka mpaka kutsokomola. Dziwani kuti ife tili ndi ana anayi, onse aakazi. Anauza Jasper kuti moyo wa mwamuna mmodzi pakati pa akazi ambiri akuudziwa bwino, ndipo sangaufunire ngakhale mtengo.

"Kunyumba sindinasankhe," anatero. "Kumunda ndisankha ndekha. Anditumizire amphongo okhaokha, makumi asanu ndi limodzi."

Jasper anawomba m'manja, nati nzeru imeneyo njakuya chomene.

Ine ndinali pomwepo, ndikupima mpunga. Mkazi aliyense amene anadzalapo mapapaya amadziwa zomwe wamphongo amapereka, maluwa ndi mthunzi. Pakamwa panandiyabwa kwambiri. Koma ndinakumbukira theka langa lakumunsi, ndipo ndinapitiriza kupima mpunga. Sindinanamize munthu ine, palibe amene anandifunsa.

Mbande zinafika pa thiraki zitafota, koma zinagwira. Abale inu, kusamala kwake! Munthu woti kapu ya tiyi sangaichotse patebulo anayamba kudzuka m'mamawa kukapalira. Atawerenga pa foni kuti pisitasho sakonda mvula, anatenga maambulera onse a mugolosale nakamangirira pa mtengo uliwonse. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikayamba kuwaza imaiwala kusiya. Anthu odutsa ankaima kuonerera maambulera amitundumitundu ali mbwee paphiri, ena nkumafunsa ngati pali ukwati.

Mitengoyo anaipatsa maina amene anasungira ana aamuna: Ishaq, Muhsin, ndi ena otero mpaka maina anawathera. Ankangoti anyamata anga. Madzulo ankabwera nkumatiuza kuti Muhsin watulutsa nthambi yatsopano, ana athu nkumatsinana pansi pa tebulo. Apa ndivomere, nthawi zina chisoni chinkandigwira. Ndikayang'ana tomato wanga akufiira kumunsiko, chisonicho chinkatha.

Chaka chachisanu mitengo ingapo inatulutsa timaluwa tofiirira. Che Salumu anagula matumba opanda kanthu makumi atatu, Jasper nalonjeza kuti adzanyamula katundu yense yekha. Timaluwa tija tinayoyoka, ndipo panthambi panatsala masamba okhaokha. Anadikira mwezi, kenako wina. Pamapeto pake anatuma Jasper kuti akatenge mlangizi wa zaulimi, Mayi Winifred.

Mayiwo anazungulira mzere ndi mzere, akugwira nthambi, ine ndili chapafupi kumangirira nyemba, makutu ali tcheru. Anafunsa kuti yaikazi ili mbali iti. Che Salumu anatukumula chifuwa nayankha kuti m'munda mwawo mulibe wamkazi ndi mmodzi yemwe. Mayi Winifred anatembenukira kunkhalango kwa kanthawi, mapewa akugwedera. Atapukuta m'maso anafotokoza mwaulemu kuti mtedza umabereka pa mtengo waukazi, wamphongo ntchito yake ndi kupereka mungu basi. Anawonjeza kuti ngakhale yaikaziyo ikanavutika, poti pisitasho amafuna dziko louma ndi lotentha, osati nkhungu ya Mzuzu. Jasper anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kasitomala kudepoti.

Titatsala awiri, Che Salumu anakhala pansi padothi ndi mkanjo wawo woyera. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, munda wanga wabwerera. Koma mtima unangolemera.

"Amake Marwa," anatero, osandiyang'ana, "kodi inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Zaka zisanu zonsezi?"

"Bambo ake Marwa, munafunsa foni, munafunsa wa kabaza. Ine mwini munda ndinali pambali panu."

Anaimirira, nakutumula mkanjo, nabwerera kunyumba. Ndinaganiza kuti lero ndiye ndapakira, ukwati watha. Loweruka anadzuka kusanache bwino, natenga khasu ndi chikwanje. Ana atafuna kuwathandiza anakana. Anazula anyamata awo okha, mmodzimmodzi, masiku atatu, ine ndikunamizira kuthirira mpiru wothirira kale kuti asandione misozi.

Tsiku lachitatu anabwera kumunsi kwanga manja ali matuza okhaokha, naima m'malire ngati mlendo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tili m'banja, bamboyu anali asanandifunsepo nzeru pa chilichonse.

"Malo anu aja ndalambula," anatero. "Mizere ndiyambire pati, ndipo iyang'ane kuti?"