Kakowa Kuseri kwa Malaya

"Mkanda uliwonse pamalaya amenewo unasokedwa ine ndili pompo," Merle ankauza alamu ake pakhonde. "Achimwene ananena okha: Merle, ndikapita, ndi ako."

Verna, mlongo wake wamkulu, anamva ali kukhitchini akutakasa msuzi wa chimanga. Merle yemweyo sankatha n'kulowetsa komwe ulusi pasingano, ndipo khadi la munthu wa mumzinda wa Buffalo wogula zinthu zakale linkasuzumira m'thumba mwake.

Linali tsiku lakhumi chimwalirireni mchimwene wawo Delbert, tsiku logawa katundu wake kwa amene anathandiza pamaliro. Anthu atadya, Verna anayala malayawo patebulo, nsalu yakuda yapachifuwa ili mbuu ndi maluwa a mikanda. Merle anakhosomola, natambasula manja.

"Bweza manjawo, iwe."

"Achemwali, musandichititse manyazi pagulu."

"Manyazi wabwera nawo wekha m'thumbamo. Malaya a munthu akakhale m'galasi ngati nsomba? Tandiuza, ife ndife a fuko lanji?"

"La Mmbulu. Funso lanji limenelo?"

Verna anatembenuza nsaluyo. Kuseri kwake kunali kakowa wamng'ono wa mikanda yakalekale.

"Mmbulu wakoyu ali ndi miyendo iwiri ndi mlomo wautali. Unali pompo, eti?"

Alamu aja anayang'ana kudenga.

"A Hubert, imirirani," anatero Verna.

Hubert, wa fuko la Kakowa, ndi amene anakumba manda, ngakhale kuti iye ndi Delbert anali asanapatsane moni kwa zaka makumi atatu. Anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mlongo wanga anabwereka malaya a amalume anu kuti akavinire tsiku limodzi. Tsikulo latha lero. Landirani, anthu onsewa akuona."

Hubert anasisita maluwawo ndi chala. "Si mmene analiri. Awa ndi atsopano."

"Delbert anagwa nawo povina, mikanda n'kumwazika," anatero Verna. "Anati chong'ambika sabweza. Chaka chilichonse chisanu chikagwa ankakhala pawindo apo, magalasi pamphuno, amvekere, 'Latsala duwa limodzi.'"

"Liuma," anatero Hubert. "Akanangonena."

"Inunso mukanangofunsa."

Paduwa lomaliza singano inali ikadali chibayire, mikanda itatu yoyera ikulendewera paulusi. Hubert anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanaizule. Anapinda malayawo pang'onopang'ono, singano ili m'kati, nawafungatira.