Ngala za Kudenga

"Ine ndadya ku Joni, ndadya ku Beira, ndadya ku Dar es Salaam," anatero a Stafford, akumenya chivundikiro cha poto ndi chikhato. "Koma lero mulawa zomwe simunalawepo chibadwire. Mapira athunthu, osasinja, apsa musanamalize kupatsana moni. Mawu anga ine sagwa pansi!"

Amuna asanu a m'mudzimo, kwa Kanduku, anasuzumira potoyo. A Stafford anachoka pamudzipo ndi jumbo yokha m'manja, koma anabwerako ndi lole yawoyawo, sitolo pa Mwanza boma, ndi puleshakuka ameneyu, wa mphira kukamwa ndi kachitsulo koimba mluzu pamwamba.

Chinasowa ndi mapirawo. Mchemwali wawo, a Enelesi, anali kumaliro ku Thambani. A Stafford analowa m'khitchini nakweza maso. Kudenga kunalendewera ngala zofiira makumi awiri ndi zinayi, zothimbirira ndi utsi.

"Tsitsani izo," anauza Esime, mpongozi wa a Enelesi, yemwe anabwera chitengwa chaka chathachi.

"Amalume, izotu ndi…"

"Ndi mapira, ndikuwadziwa. Punthani msanga, alendo akudikira."

Esime anapuntha n'kupeta. Poto atalira, a Sankhani, mmodzi wa amuna aja, analumpha mpaka kutaya chipewa.

"Sitima ya malasha yalowa m'khitchini kodi?"

Posakhalitsa mapira anapsa, ofewa ngati mpunga. Anathira nsinjiro ndi mchere, anthu ananyambita zala, ndipo a Stafford anafotokoza za msewu wa ku Tete mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka a Enelesi anabwera, mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Analowa m'khitchini, ndipo anatuluka nthawi yomweyo.

"Mbewu ya amayi ili kuti?"

A Stafford anali pansi pa lole. Sipanala inawagwa m'manja. Apo m'pamene anakumbukira. Mapira amenewo amayi awo anachita kuwasenza pamutu pothawa nkhondo ku Mozambiki. Mbalame siziwakonda, chilala sawopa. Chaka ndi chaka a Enelesi ankasankha ngala zonenepa n'kuzipachika pa utsi kuti anankafumbwe asalowe. Amayiwo anamwalira a Stafford ali ku Joni, ndipo kumanda sanafikeko.

"Esime! Wafululira thobwa, kapena wapititsa kwanu?"

Esime anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe! Mwamuna wako Kinsley wangoti akagwire ntchito ku Blantyre, iwe wayamba kukolola kudenga kwanga?"

A Stafford anakhalabe pansi pa lole, akumanga nati yomangika kale.

Masiku atatu anadya mosamva kukoma. Kuchitsime akazi ankasiya nkhani Esime akafika. Amuna aja anangoti zii, poti mapirawo anali m'mimba mwawo. A Sankhani okha ndiwo ankati akakumana ndi a Stafford panjira, ankaimba kamluzu pang'ono n'kudutsa.

M'mawa wa tsiku lachinayi a Stafford anapeza Esime kuseri kwa nyumba akumanga zovala m'chitenje.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu, amalume."

"Nanga bwanji simunanene kuti ndine?"

"Ndikananena bwanji? Inu ndinu mwini mbumba. Ine ndine wobwera."

Munthu yemwe anakanganapo ndi apolisi a m'malire a mayiko anayi anasowa poyang'ana. Anapita kwa mchemwali wawo, yemwe ankanola khasu pakhonde, navula chipewa.

"Achemwali, mwanayu sanalakwe. Ngala zija ndinatsitsitsa ndine. Tinadya."

Khasu linaleka kulira pamwala.

"Munadya? Mbewu yomwe amayi anaisenza zipolopolo zikulira, inu mwaithira nsinjiro?"

"Ndikugulirani thumba lathunthu kusitolo."

"Yakusitoloyo mukadyetse mpheta. Masiku atatu, achimwene! Ine kutukwana mwana wa eni, inu muli chete pansi pa galimoto ngati nkhuku yofungatira!"

A Enelesi anadzuka, anapita kuseri, namasula okha chitenje cha Esime.

Tsiku lomwelo a Stafford analiza lole. Anafunsa ku Thambani, anafunsa ku Neno. Kulikonse ankawaonetsa mapira oyera. Pa Zobue, tsidya la malire ku Mozambiki, wina anawalozera kwa a Tiyese, mayi wogulitsa nyemba yemwe anathawa nkhondo limodzi ndi amayi awo. M'khitchini mwawo munalendewera ngala zofiira zomwe zija.

"Ndinu mwana wa malemu aja? Uja sanabwere kumaliro?"

"Ndine ndemwe, mayi."

Anatulutsa chikwama. A Tiyese anapukusa mutu.

"Ndalama sindibzala ine. Chonyezimira chili pampando wa lolecho n'chiyani?"

A Stafford anacheukira poto wawo uja. Kenaka chizolowezi chinawapambana: anafotokoza za mphira, za kachitsulo, za nyemba zouma zopsa ndi nkhuni zitatu zokha. Sanagulitsepo katundu mwaluso chotero moyo wawo wonse.

"Nkhuni zitatu?" anatero a Tiyese. "Tsitsani potoyo, ngala mutenge."

A Stafford anafika kumudzi mvula yoyamba ikuwaza, fumbi likununkhira. Anayala chiguduli pakhonde n'kuyamba kuika ngala imodziimodzi. A Enelesi anathothola njere, anailuma, anaitafuna nthawi yaitali. Maso awo anadzaza misozi.

"Ndi yomweyi. Esime, mwana wanga, bweretsa lichero. Mawa tibzala."

A Sankhani, omwe anabisala mvula pakhondepo, anasuzumira m'lole.

"Nanga sitima ija?"

"Ikuimba Chipwitikizi tsopano," anatero a Stafford. Kenaka anatembenukira kwa mchemwali wawo, mawu atatsika. "Werengani, achemwali. Ndinatsitsa makumi awiri ndi zinayi. Nazi makumi awiri ndi zinayi."

Anapisa m'jekete natulutsa ngala ina, yonenepa kuposa zonse, naipereka kwa Esime ndi manja awiri.

"Iyi ndi ya makumi awiri ndi zisanu. Mukapachike kudenga kwanu."